Ndigule grinder yaikulu kapena hamala ya mpweya?

Bambo wina wa ku Rosettenville mu Johannesburg, kwawo ku Dedza, walemba kuti: "Mkati mwa sabata ndimagwira ntchito ya m'gadeni, Loweruka ndi Lamlungu ndimasema miyala kuseri kwa chipinda chimene ndimachita lendi. Ndinaphunzira kwa anzanga a ku Zimbabwe, ndipo mpaka pano ndimagwiritsa ntchito hamala, matchizulo ndi tupa pa soapstone ndi opal. Tsopano ndapeza springstone, komanso osema ziliza andipatsa zidutswa za granite, koma matchizulo akungobuntha, mapewa akuwawa, ntchito sikuyenda. Ndasunga R3,000. Ndigule grinder yaikulu ija ya 230 mm, kapena hamala ya mpweya?"

Achimwene, pa ziwiri mwatchulazo musagule chilichonse chaka chino. Ndalama yanuyo ipite pa grinder yaing'ono ya 115 mm yokhala ndi kagudumu kochepetsera liwiro, madisiki awiri, matchizulo angapo a mano a tungsten, ndi zodzitetezera. Zodzitetezerazo ndiye muyambire, chifukwa munthu akachoka pa hamala kupita pa makina, chimene chimasintha kwambiri pabwalo pake ndi fumbi.

Koma tiyambe ndi mwala umene wakukanikaniwo. Kulimba kwa miyala amakuyeza pa sikelo ya Mohs, yoyambira pa 1 kukafika pa 10. Soapstone ili cha pa 1 kapena 2, n'chifukwa chake chikhadabo chimaikanda ndipo sowo ya matabwa imaidula. Marble ili pa 3. Granite ili pakati pa 6 ndi 7, yolimba kuposa chitsulo cha tchizulo wamba, moti mukaimenya chimene chikutha ndi tchizuloyo. Springstone ili pakatikati. Ndi mtundu wa mwala wotchedwa serpentine, ya ku Great Dyke ku Zimbabwe, yolimba kuposa opal imene mwazolowera, yomwenso ndi serpentine koma yofewerapo, koma imasemeka ndi manja bwinobwino. Umboni uli ku Tengenenge, kufupi ndi Guruve, kumene mlimi wa fodya Tom Blomefield anayambitsa mudzi wa osema miyala mu 1966. Ambiri mwa amene anayamba kusema kumeneko anali antchito a pafamu ochokera ku Malawi, Zambia, Mozambique ndi Angola, Achewa ndi Ayao ali momwemo. Fanizani Akuda, Mchewa wobadwira ku Zambia mu 1932, anadziwika mpaka kutsidya kwa nyanja ndi ntchito ya hamala ndi tchizulo yomweyi. Choncho vuto lanu pa springstone ndikuliona pa matchizulo. Ngati ndi aja a ku hadiweya ogumulira simenti, abuntha ndithu. Pezani a nsonga ya tungsten, makamaka yosongoka ija yochotsera zibenthu zazikulu ndi ya mano ija yosalazira, muzinolera pa mwala wobiriwira kapena pa kambale ka dayamondi. Mapewa apepukidwa musanakhudze n'komwe magetsi.

Tsopano fumbi. Mukamasema ndi hamala, mwala umachoka m'zibenthu zogwera pansi, fumbi limakhala lochepa. Grinder imazungulira maulendo pafupifupi 11,000 pa mphindi, ndipo siswa mwala, imaupera. Chilichonse chimene yachotsa chimasanduka ufa, ufawo n'kuulukira kumaso kwanu. Fumbi limene mumaliona, lija loyeretsa nsidze ndi tsitsi, lambiri limakodwa m'mphuno ndi pakhosi. Loopsa ndi losaoneka ndi maso, limene limatsika mpaka pansi pa mapapo, ndipo limayandamabe mumpweya kwa maola angapo mutazimitsa kale makina n'kuvula masiki. Likakhala ndi silika, chinthu cholimba chopezeka mumchenga ndi m'miyala yambiri, mapapo amachita zipsera zosachoka. Matendawo ndi silicosis. Alibe mankhwala ochiza, amapitirira ngakhale munthu atasiya ntchito, ndipo amatsegula khomo la chifuwa chachikulu cha TB.

Kwa ife matendawa si achilendo. Agogo athu amene ankabwera ku migodi ya ku Joni kudzera ku mabungwe olemba antchito a Wenela, kenako TEBA, ambiri anabwerera kumudzi ndi chifuwa chosamva mankhwala ndi befu wosatha. Golide wa pansi pa mzinda uno amakhala m'miyala yodzaza ndi quartz, ndipo quartz ndiye silika yemweyo. Mu 2019 khoti lalikulu la ku Johannesburg linavomereza mgwirizano wa R5 biliyoni woti makampani 6 a migodi ya golide alipire antchito amene anadwala silicosis ndi TB, ndipo ndalamazo zimadzera ku Tshiamiso Trust. Wosema kuseri kwa nyumba alibe kampani yoti adzaisumire. Fumbi lake amagawana ndi mkazi wake, ana ake, ndi zovala za aneba zoyanikidwa pachingwe.

Miyala imasiyana pa nkhaniyi. Granite yeniyeni, gawo limodzi mwa magawo asanu kapena kuposa ndi quartz. Sandstone ndiye yochuluka koposa. Mwala wakuda wa ziliza wa ku Rustenburg, umene aliyense amautcha granite, uli ndi quartz wochepa, ngakhale fumbi lake si loti munthu azipuma. Choti mukane ngakhale akupatseni ulere ndi zidutswa za miyala yopanga ija ya pamwamba pa makabati a kukhitchini. Imeneyo ndi quartz wopera womatidwa ndi guluu, silika wake amafika 90 peresenti, ndipo dziko la Australia linailetsa kuyambira pa 1 July 2024 ataona anyamata oidula akudwala patangopita zaka zochepa. Serpentine ndi soapstone zili ndi vuto lawolawo: nthawi zina mumadutsa mitsempha ya asbestos, timaulusi ta m'mwala towononga mapapo. Migodi ya asbestos ya ku Zvishavane ndi Mashava inakumbidwa mu serpentine, ndipo kuno ku South Africa asbestos analetsedwa mu 2008. Mukaona mzere woyera m'mwala, muukande ndi nsonga ya mpeni. Ukatukuka timaulusi, mwala umenewo grinder isaukhudze.

Masiki yoyenera ndi ya labala yophimba mphuno ndi pakamwa, ya zosefa ziwiri zolembedwa P3. Yansalu ija ya nthawi ya Covid ilibe ntchito pano, mpango womanga kumaso ndiye usiyeni. Mukavala, tsekani zosefazo ndi zikhato n'kukoka mpweya: masiki iyenera kumatirira kumaso. Ikapanda kutero, mpweya ukulowera m'mbali, fumbi nalo likulowera momwemo. Ndevu zimalepheretsa kumatiraku, ndipo amene amasunga ndevu adalire kwambiri madzi kuti fumbi lisauluke n'komwe. Mukamaliza, masiki isungeni m'pepala lapulasitiki lotseka, ovolosi ivulidwire panja osaikutumula, ichapidwe payokha. Pabwalo muwaze madzi musanasese. Za mkaka zija amanena anyamata a pa saiti, zoti ukamwa umatsuka fumbi, musazimvere. Mkaka umapita m'mimba, fumbi lili m'mapapo. Ndipo mukayamba kutsokomola kopitirira masabata awiri, kutuluka thukuta usiku kapena kuonda, pitani ku kiliniki ya boma, kuyeza TB n'kwaulere, ndipo muwauze kuti mumasema miyala.

Grinder ya 230 ija ndaikana chifukwa ndi ya omanga nyumba ndi odula ziliza. Imadya mawati 2,000 kapena kuposa, imalemera makilogalamu cha m'ma 5, ndipo ikakodwa m'mwala imakankha ndi mphamvu imene dzanja losazolowera silingaigwire. Pa chosema chofika m'mawondo mulibe malo oti disiki yaikulu chonchi ilowemo. Ya 115 imalemera cha m'ma 2, imadya mawati 700 mpaka 900, moti ola lathunthu silimaliza yuniti imodzi pa mita yanu ya prepaid, ndipo imadula kuya pafupifupi masentimita 3. Pa ntchito yanu n'zokwanira. Kagudumu ka liwiro ndakanena chifukwa kudula kumafuna liwiro lonse, pamene zokwechera ndi zosalazira zimafuna maulendo 4,000 kapena kutsika. Mukaziika pa 11,000 zimapsa, zina zimafwamphuka n'kuuluka. Disiki iliyonse imalembedwa liwiro limene singapyole. Muziwerenga nambala imeneyo musanamange.

Pogula muyang'anenso switchi. Ma grinder ambiri otchipa ali ndi switchi yokhoma, imene imakhalabe yoyatsa mukachotsa chala. Magetsi akathima muli pa ntchito, kaya ndi load shedding kaya waya wabedwa mumsewu, munthu amangoika makina pansi n'kupita kukamwa tiyi. Magetsi akabwera, grinder imadzuka yokha n'kuyamba kuthamanga pabwalo pamene mwina pakusewera mwana. Sankhani ya switchi yofinya ndi dzanja, imene imazima mukaitaya, kapena yolembedwa kuti siyaka yokha magetsi akabwerera. Ngakhale zili choncho, muzolowere kuzula pulagi nthawi iliyonse imene mwaiika pansi kapena mukusintha disiki. Mukagula yakale ku mashopu a pinyolo, yatsani pomwepo, mumve ngati ikulira mosalala, muone ngati chomangirapo disiki sichikugwedezeka, ndipo musalandire yopanda chotchinga ndi chogwirira cham'mbali.

Pali chizolowezi chimodzi chimene osema ndi manja amabwera nacho ku makina, ndipo n'chimene chimavulaza anthu: kukhala pansi, mwala uli pakati pa miyendo, mapazi ataupana. Ndi hamala zimatheka, mukaphonya mumangodzimenya chala. Ndi grinder, ikakankha imalunjika pantchafu, pamene pamadutsa mtsempha waukulu wa magazi. Mwala ukwere pa benchi yolimba yofika m'chiuno, ukhale pa thumba la mchenga kapena mu tayala lakale lodzaza mchenga kuti usagubuduzike, inu muimirire, manja onse awiri pa makina, thupi lili pambali pang'ono osati kumbuyo kwenikweni kwa disiki. Chotchinga musachichotse, ngakhale muone anzanu a m'mbali mwa msewu atachotsa kuti afikire m'makona. Disiki ya mano ya sowo ya matabwa isamangidwe pa grinder ngakhale tsiku limodzi. Kumaso magalasi otseka m'mbali, m'makutu zotsekera, chifukwa kulira kwa grinder pa mwala kumapyola kutali madesibelo 85 amene malamulo a kuntchito kuno amati munthu ayambe kuteteza makutu. Malaya a manja olendewera ayi.

Kadulidwe kake n'kosavuta. Jambulani ndi kulayoni mbali imene ikuchoka. Ndi disiki ya dayamondi, ya mtundu wa turbo ndiyo yabwino poyambira, dulani mizere yoyandikana, motalikirana masentimita 2 kapena 3, mpaka mbaliyo ioneke ngati mano a chipeso. Kenako zimitsani makina, tengani hamala ndi tchizulo, muthyole manowo limodzilimodzi. Amachoka mosavuta, ndipo mwala wambiri umagwa m'zibenthu m'malo mosanduka fumbi. Apa ndiye pamene ntchito ya masiku atatu imatha masana amodzi. Mizereyo muziimitsa kutatsala sentimita yathunthu kuti mufike pamene mukufuna khungu la chosemacho lidzakhale, chifukwa disiki ikapyola ndi pang'ono pomwe, mzerewo mudzauthamangitsa mpaka nkhope yonse itachepa. Disiki ilowe molunjika, ituluke molunjika. Mukaipotoza ili mkati ndi pamene imakodwa n'kukankha. Musaikanikize, kulemera kwa makina n'kokwanira. Mukaona ikungotentha osadya mwala, dayamondi yaphimbika: idulitseni kangapo mu njerwa kapena buloko ya simenti, mano atsegukanso. Disiki yachiwiri ikhale ija yonga mbale yoperera, yochotsera zitunda zotsala, koma imeneyo ndiyo imatulutsa fumbi kuposa zonse, choncho ikhale ya mphindi zochepa.

Pa soapstone grinder ndi yongowononga. Mwalawo ndi wofewa kwambiri, disiki imamira mofulumira kuposa diso lanu, ufa wake umaterera ndipo umatseka makina. Pamenepo sowo ndi tupa zikupambanabe.

Madzi ndiye mankhwala enieni a fumbi, koma grinder wamba ya magetsi a pakhoma a 230 volts sinapangidwe kuti inyowe. M'zipinda zambiri za kuseri magetsi amabwera pa ekisitenshoni yochokera kunyumba yaikulu, yolumikizalumikiza ndi tepi, ndipo simudziwa ngati imadzera pa earth leakage, kachipangizo kamene kamazimitsa magetsi akayamba kuthawira pansi kapena m'thupi la munthu. Pemphani a landilodi mudine batani loyesera pa bokosi la magetsi, muone ngati chipinda chanu chithima. Chikapanda kuthima, gulani ka earth leakage kapapulagi ka 30 mA, kali ndi batani lakelake. Njira imene ndimaikonda pabwalo laling'ono ndi iyi: nyowetsani mwala bwino musanadule, dulani pang'ono, zimitsani, finyirani madzi m'mizere ndi botolo loboola chitsekerero, mupitirize. Pulagi ndi malumikizidwe onse zikhale m'mwamba, mapazi muli nsapato za labala. Sizichotsa fumbi lonse, masiki ikhalebe kumaso. Amene ali ndi ndalama amagula grinder ya batire, imene ilibe chiopsezo cha magetsi a pakhoma, kapena makina osalazira opangidwira madzi okhala ndi paipi yake. Matope otsala muwole akadali onyowa, mutsekere m'thumba. Mukawasiya aume, mphepo ya August idzawanyamula n'kuwalowetsa pawindo la aliyense. Makinawo nawo muziwapemerera m'mabowo ake mukaweruka, chifukwa fumbi la mwala limadya mabulashi ndi mabering'i.

Chimene mudzataye mukayatsa makina ndi khutu. Wosema ndi manja amamva mwala: ukalira "ngwee" uli bwino, ukayamba kulira mogonthera pali mng'alu pafupi, ndipo dzanja limafewa lokha. Grinder ndi zotseka m'makutu zimakubisirani zimenezi. Muziima nthawi ndi nthawi, mugogode mwala ndi hamala mbali zonse, muuthire madzi n'kuyang'ana pamene ukuuma: mng'alu umatsala uli mzere wakuda pomwe pena ponse pauma. Komabe makina ali ndi ubwino wake pa malo opyapyala. Khosi la mbalame kapena mpata wa pakati pa mkono ndi thupi, pamene kumenya kumathyola kapena kusiya mabala oyera mkati mwa mwala, disiki imadutsa popanda kugwedeza chilichonse.

Hamala ya mpweya ndi chida chabwino, ndipo pa makina onse ndi imene imafanana kwambiri ndi dzanja, popeza mumagwirabe tchizulo n'kumaiwongolera nokha. Za ku Italy za Cuturi ndi za ku America za Trow & Holden ndi zimene osema marble amadalira. Vuto ndi loti hamalayo payokha sigwira ntchito. Imafuna kompuresa yopereka mpweya mosadukiza pa mabaa 5 kapena 6, ndipo timakompuresa ta malita 24 timangolira osapuma, kutentha, mpweya n'kumatherabe pakati pa ntchito. Yokwanira imaposa R3,000 yanuyo musanagule hamala, payipi ndi matchizulo ake, ndipo mayunitsi imadya osati masewera. Ija ya amakaniko yodulira zitsulo za galimoto ndi yotchipa koma imamenya mwankhanza, siyoti n'kusemera nkhope. Palinso kunjenjemera kwake, kumene pakapita zaka kumawononga mitsempha ya m'zala: zimachita dzanzi, zimayera m'mawa wa June, mpaka kulephera kumanga batani. Grinder nayo imatero pang'ono, choncho muzipumira, manja akhale ofunda. Mukadzapeza malo a ntchito kunja kwa nyumba ndi maoda a miyala ikuluikulu, tidzakambirane za mpweya.

Chida chachiwiri chodzagula, ndalama ikadzapezeka, ndi kamakina kakang'ono ka mtundu wa Dremel kapena die grinder, ka timano ta dayamondi, kolowera m'maso, m'makutu ndi pakati pa zala. Kameneko muzikagwiritsa ntchito mwala uli wonyowa, chifukwa nkhope yanu imakhala pafupi kwambiri.

Pomaliza chosema, ine ndimabwerera ku manja, ndipo inunso ndikukulangizani chomwecho. Disiki imasiya timizere tozungulira timene simutiona mwala uli wotuwa, koma mukangopaka polishi timatulukira tonse poyera. Ogula a ku msika wa ku Rosebank amatembenuza chosema n'kuchisisita ndi chala, ndipo ambiri amakonda kuona mapazi a tchizulo pa tsitsi kapena pa chovala, khungu lokha ndilo losalala. Choncho grinder ikachotsa zochuluka, tengani tchizulo ya mano, kenako tupa, kenako sandipepa ya m'madzi kuyambira 60 kapena 80, kudzera 120, 220, 400, 800 mpaka 1200 kapena 2000, osadumpha nambala. Mukatero tenthetsani mwala pafupi ndi moto kapena ndi blowtorch pang'onopang'ono, pakani polishi woyera wa Cobra ndi bulashi, uzizire, mupukute ndi nsalu, monga anakuphunzitsirani anzanu aja.

Aneba muwaganizire musanagule. Hamala ya Loweruka anthu amaipirira, koma grinder pa mwala imamveka nyumba zingapo, ndipo malamulo a mzinda amalola munthu kukuitanirani apolisi a metro chifukwa cha phokoso. Kambiranani ndi a landilodi, musankhe ola limodzi kapena awiri Loweruka chakumasana, zovala zitachotsedwa pachingwe, ana ali kutali. Lamlungu likhale la tupa ndi sandipepa. Kudula kwa sabata yonse kumakwanira mu maola awiriwo ngati mwajambuliratu. Ndipo mizere yanu yoyamba muiyesere pa mwala wotayika, springstone ija idikire mpaka dzanja lizolowere kukankha kwa makina.

Zidutswa za granite musaziseme pakadali pano. Ntchito yake yabwino ndi kukhala matsinde oimikapo zosema zanu. Bwererani kwa osema ziliza amene anakupatsaniwo, muwapemphe akudulireni timabwalo kapena timabokosi pa macheka awo a madzi, akuboolereninso bowo pakati. Inu mudzangoboola pansi pa chosema, kulowetsa kachitsulo kosachita dzimbiri ka mamilimita 8 kapena 10, n'kumata ndi guluu wa epoxy. Chosema choima pa tsinde lakuda lonyezimira mumachitchulira mtengo wokwererapo, ndipo fumbi la granite limatsala m'madzi a ku fakitale kwawoko.